SAMSON OCCOM, MBUSA WACHIMOHEGAN (1723–1792)

Aphunzitsi, musanafotokozere ana mbiri iyi muyambe mwakonza mau amodzi, chifukwa mukapanda kutero ana adzabwerera kwao ndi chithunzi cholakwika. Mabuku a Chingerezi amati Samson Occom anali Indian. Ife tikamva mau amenewa timaganiza msanga za Amwenye, anansi athu amene makolo ao anachokera ku India, ndipo mwina mwana wina adzafunsa ngati mbusa ameneyu anali ndi sitolo. Iai, Occom sanali Mmwenye. Ku India sanapondeko, ndipo mtundu wake sunachokere kumeneko. Iye anali Mmohegan, mmodzi wa eni dziko la America amene Azungu anawapeza pofika. Nanga dzina lakuti Indian linamgwera bwanji? Tiyambire pamenepo, popeza dzinalo linamtsata moyo wake wonse, pena kumkweza, pena kumlanda chakudya cha ana ake.

Dzina lochokera ku mtsinje

Gwero la mau amenewa ndi mtsinje waukulu wa Indus, umene mbali yake yaikulu ili m'dziko la Pakistan. Eni ake ankautcha Sindhu, Aperisiya ankati Hindu, Agriki nkumati Indos, ndipo dziko la kumeneko linatchedwa India. M'kupita kwa nthawi Azungu anayamba kutcha maiko onse akutali a kum'mawa, kumene kunkachokera tsabola ndi nsalu zabwino, kuti Indies. M'chaka cha 1492 Christopher Columbus ananyamuka ku Spain ndi zombo zitatu kulowera kumadzulo, poganiza kuti popeza dziko lapansi ndi lobulungira, adzatulukira ku Indies. Zakuti dziko ndi lobulungira sanalakwe. Analakwa pa kukula kwake, ndiponso sanadziwe kuti pakati pa njira pali dziko lina lalikulu. Pa 12 Okutobala anakocheza pa chisumbu china cha ku Bahamas, ndipo anthu amene anawapeza anawatcha indios m'chinenero cha ku Spain.

Pasanapite zaka zambiri Azungu anazindikira kuti kumeneko sikunali ku India, koma dzina linali litazolowereka kale. Chotero mitundu mazanamazana, kuyambira ku Canada kufikira kunsonga ya kumwera kwa South America, ya zinenero zosamvana, ina yolima, ina yosaka nyama, ina yomanga mizinda ya miyala, yonse inavekedwa dzina limodzi lochokera kwa mlendo wosokera. Zisumbu zija zinatchedwa West Indies. Chodabwitsa nchakuti pamene Amwenye enieni anatengedwa kukalima mizimbe ku Guyana kuyambira 1838 ndi ku Trinidad kuyambira 1845, anapeza dzina lao lili ndi anthu ena, ndipo iwo anayenera kumatchedwa East Indians.

Ena pomasulira m'Chichewa amati Amwenye a ku America. Kutero ndi kungolowetsa cholakwa cha Columbus m'chinenero chathu. Pophunzitsa nenani kuti eni dziko la America, ndipo pamene mtundu ukudziwika utchuleni ndi dzina lake. M'mbiri muno mau akuti Indian tawasiya m'mene alili, kuti muone m'mene anthu a nthawiyo ankawagwiritsira ntchito.

Ubwana ndi kutembenuka mtima

Samson anabadwa m'chaka cha 1723 ku Mohegan, pafupi ndi New London m'chigawo cha Connecticut, m'kanyumba ka mitengo yopinda kofoleredwa ndi makungwa ndi mphasa. Atate wake Joshua anali mlenje, amai wake anali Sarah. Nthawi imeneyo Angerezi anali atakhala m'dera limenelo la New England zaka zana, ndipo Amohegan anali atatsala mazana owerengeka okha, matenda achilendo atawatha, malo ao ambiri atapita. Anansi ao anali Apequot, Anarragansett, Aniantic, ndi Amontaukett kutsidya kwa nyanja. Mitundu iyi sinkadziona ngati mtundu umodzi. Mu 1637 Amohegan, motsogozedwa ndi mfumu yao Uncas, anathandiza Angerezi kuthira nkhondo Apequot, ndipo mu 1643 anamenyana ndi Anarragansett, nagwira mfumu yao Miantonomi, namupha. Musaiwale zimenezi, chifukwa zidzabweranso kumapeto.

Cha m'ma 1740 kunabuka chitsitsimutso chachikulu m'mipingo ya ku New England. Alaliki, mmodzi wa iwo James Davenport, anayamba kufika ku midzi ya eni dziko. Samson, mnyamata wa zaka ngati 17, anamva Mau a Mulungu navutika mumtima miyezi isanu ndi umodzi asanapeze mtendere. Atatembenuka anapeza kabuku ka zilembo nayamba kudziphunzitsa yekha, akufunsafunsa kwa Angerezi oyandikana nao, kufikira anayamba kuwerenga Chipangano Chatsopano mojejema. Amai wake ndiwo anakampemphera malo kwa mbusa Eleazar Wheelock wa ku Lebanon, m'Connecticut momwemo. Anapita kumeneko mu Disembala 1743 akuganiza zokhala masabata awiri kapena atatu. Anakhala zaka zinai, naphunzira Chingerezi, Chilatini, Chigriki ndi Chihebri pang'ono. Maso ake anadwala chifukwa chowerenga, ndipo maphunziro a ku koleji analephereka.

Mphunzitsi wa ku Montauk

Mu 1749 anaoloka kupita ku Montauk, kunsonga ya chisumbu cha Long Island, ndipo Amontaukett anampempha kuti awaphunzitsire ana. Anakhala nao zaka 12. Kumeneko anakwatira Mary Fowler mu 1751, ndipo anabala ana khumi.

Apa aphunzitsi tcherani khutu. Occom anaona kuti ana ena ankatha kutchula zilembo zonse pamtima monga nyimbo, koma ukawalozera chilembo chimodzi, sachidziwa. Anali ataphunzira ndi makutu okha, maso ai. Tsono analemba zilembo pa timapepala, namata kapepala kali konse pa kachibenthu ka mtengo wa mkungudza, nandanditsa tizibenthuto pa benchi. Ankatuma mwana kukatenga chilembo chakutichakuti, akalakwa abwerere, kufikira atabwera ndi choyenera. Akazolowera, iye ankasakaniza tonse nawauza kuti akonze m'ndondomeko yake, ndipo ana ankaona ngati masewera. Katekisimu Wamfupi ankaphunzitsa katatu kapena kanai pa sabata, ndipo kawirikawiri ankaonjeza mafunso akeake m'chinenero cha anawo, kuti aone ngati amva tanthauzo kapena angoloweza. Madzulo ankaphunzitsa amene sanathe kubwera masana. Tsiku la Sabata ankatsogolera mapemphero. Ndiye amene ankayendera odwala, kuika maliro, kulembera anthu makalata ndi kuweruza milandu yao. Mu Ogasiti 1759 Presbiterio ya Suffolk inamuyesa nimdzoza ubusa.

Nanga malipiro? Bungwe la mishoni la ku Boston linampatsa mapaundi 180 pa zaka 12 zonsezo. Bungwe lomwelo linaononga mapaundi 180 pa chaka chimodzi chokha potumiza mnyamata wina Mzungu, wosakwatira, ku mishoni ina: 100 ake, 50 a womasulira, 30 a womperekeza. Occom analibe womasulira, popeza ankadzimasulira yekha. Kuti ana ake adye ankalima, kuwedza nsomba, kusaka, kusema zipande ndi ndowa za mtengo, ndi kusoka mabuku akale a Angerezi. Patapita zaka, mu 1768, analemba mbiri yaifupi ya moyo wake, ndipo m'menemo anasimba za mnyamata wina wa mtundu wao amene ankagwira ntchito pa banja la Angerezi, nakwapulidwa tsiku ndi tsiku polima ndi ng'ombe. Atafunsidwa chimene ankalakwa, mnyamatayo anati ntchito ankagwira monga momwe akanathera, ndipo ankaona kuti chomkwapulira chenicheni nchakuti anali Indian. Occom anati zake zinali chimodzimodzi, naonjeza kuti sanadzilenge yekha, anamlenga chotero ndi Mulungu. Mbiri imeneyo inakhala m'bokosi osasindikizidwa kufikira 1982.

Mu 1761 anatumidwa kwa Aoneida, kumpoto m'dera la New York, pamodzi ndi mlamu wake David Fowler. Omtuma ankaganiza kuti Indian adzamvana ndi Indian mnzake. Atafika anafuna womasulira monga Mzungu ali yense, chifukwa Chioneida ndi Chimohegan ndi zinenero zosiyana mizu yomwe.

Ulendo wa ku England

Wheelock ataona m'mene Occom anaphunzirira, mu 1754 anatsegula sukulu ya ana a eni dziko, yotchedwa Moor's Indian Charity School. Sukulu inasowa ndalama, ndipo anagwirizana zotumiza Occom kutsidya kwa nyanja kukapempha zopereka. Asananyamuke kunamveka mbiri zosiyanasiyana za iye. Ena ankati ndi Mmohawk wongotuluka kumene m'chikunja, ena ankati sadziwa kuwerenga, ena ankati chinenero cha kwao sachidziwa. Kwa ambiri Mmohawk ndi Mmohegan zinali zimodzi, malinga ngati ali Indian.

Ananyamuka mu Disembala 1765 pamodzi ndi mbusa Nathaniel Whitaker, nafika ku London mu Febuluwale 1766, kumene mlaliki wotchuka George Whitefield anawalandira. Dzina lija limene kwao linkamchepetsera malipiro, kuno linadzaza matchalitchi. Anthu anakhamukira kudzaona mbusa wachi-Indian, ambiri mwa chidwi chabe, koma atamva ulaliki wake anapereka. Pa zaka ziwiri analalikira koposa 300 m'England ndi m'Scotland, ndipo zopereka zinafika pafupifupi mapaundi 12,000, ndalama zochuluka zedi masiku amenewo. Mfumu George III inapereka 200. Woyang'anira thumba la ku England anali mkulu wina waulemu, Earl of Dartmouth.

Atabwerera mu 1768 anapeza mkazi wake ndi ana ali paumphawi, ngakhale Wheelock analonjeza kuwasamala. Chopweteka china chinatsatira. Wheelock anali atataya mtima ndi ophunzira a eni dziko, makamaka Aoneida atachotsa ana ao pa sukulu yake, ndipo anaganiza kuti nkwabwino kuphunzitsa anyamata a Angerezi kuti ndiwo akhale amishoni. Anasamutsira ntchito yake ku Hanover, m'New Hampshire, kumene inasanduka Dartmouth College. Chikalata cha boma cha mu 1769 chinati kolejiyo ndi ya achinyamata a mitundu ya ma-Indian, ndiponso a Angerezi ndi ena. Pa pepala ma-Indian anali patsogolo, m'makalasi anali ochepa. Mu 1771 Occom analembera mphunzitsi wake wakale kalata yodandaula, kuti sukuluyo yayera khungu kotero kuti sidzatha kuyamwitsa ana a mtundu wake, ndi kuti anthu a ku England adzaona ngati anawanamiza. Sanalakwe. Pa zaka 200 zoyamba za kolejiyo, eni dziko amene anatsiriza maphunziro ao pamenepo sanafike 20. Sitinena kuti Wheelock anali wakuba, popeza ndalamazo sanadye yekha. Koma zinapemphedwa ndi dzina la anthu ena ndi pakamwa pa munthu wao, nizithandiza ena. Occom ku Hanover sanapiteko, ndipo ubwenzi wao unathera pomwepo.

Zaka zimenezo zinali zamdima. Analibe ntchito yolipidwa, ndipo mu 1769 anaulula yekha kuti tsiku lina mowa unamgonjetsa. Presbiterio itafufuza inapeza kuti anamwa pang'ono atakhala tsiku lonse osadya, nimmasula. Koma mbiri inali itawanda kale, chifukwa Azungu ambiri ankakhulupirira kuti Indian ali yense ndi chidakwa, ndipo anakondwa kumva kuti ndi mbusa yemwe.

Ulaliki wa pa imfa ya Moses Paul

Mu Disembala 1771 munthu wina dzina lake Moses Paul, wa mtundu wa Awampanoag, ataledzera anakantha Mzungu Moses Cook panja pa nyumba yomweramo mowa, ndipo Cook anafa. Paul anaweruzidwa kuti anyongedwe. Mwambo wa kumeneko unali wakuti wolakwa amve ulaliki asanaphedwe, ndipo iye anapempha kuti mlaliki akhale Occom. Pa 2 Sepitembala 1772 khamu lalikulu linasonkhana ku New Haven, Azungu, anthu akuda ndi eni dziko. Occom anawerenga Aroma 6:23. Anayamba ndi kuonetsa kuti uchimo ndi imfa sizisankha mtundu, kotero kuti amene anabwera kudzaonerera Indian woipa anamva za iwo eni. Kenaka anatembenukira kwa Paul, namutcha mbale wake wa thupi limodzi ndi magazi amodzi, namuitana kuti alape. Potsiriza analankhula ndi eni dziko onse za mowa, m'mene unkawasiyira amaliseche ndi anjala, ana akulira, ndi m'mene unkapatsira ena mpata wowanyenga ndi kuwanyoza.

Taonani apa. Paul sanali Mmohegan. Koma Occom anali atayamba kutenga dzina limene alendo anaunjikira mitundu yonse pamodzi, nalisandutsa dzina la ubale. Popeza onse ankalandidwa malo ndi kunyozedwa monga ma-Indian, anaona kuti ayenera kuimanso pamodzi monga ma-Indian. Ulalikiwo unasindikizidwa chaka chomwecho, nusindikizidwanso kambirimbiri, mpaka unamasuliridwa m'chinenero cha ku Wales. Mu 1774 anatulutsanso buku la nyimbo zauzimu zimene anasonkhanitsa.

Mudzi wa Abale

Amohegan anali ndi mlandu wa malo ndi boma la Connecticut umene unatenga zaka pafupifupi 70. Occom anaima ndi anthu ake pa mlanduwo, ndipo mu 1765 abusa anzake Achizungu anamkakamiza kupepesa chifukwa cholowerera nkhani za dziko. Mu 1773 mlanduwo unagamulidwa ku London mokomera Connecticut. Chaka chomwecho nthumwi za midzi isanu ndi iwiri ya Akhristu a eni dziko zinakumana ku Mohegan: Amohegan, Apequot a midzi iwiri, Anarragansett, Aniantic, Amontaukett ndi Atunxis. Mukumbukira nkhondo za 1637 ndi 1643? Awa anali adzukulu a anthu amene anaphana aja. Anapangana zosamuka ndi kumanga mudzi umodzi kutali ndi Azungu. Amene anayenda maulendo ambiri pa nkhaniyi anali Joseph Johnson, mkamwini wa Occom, ndipo mu 1774 Aoneida anawagawira malo m'dziko lao.

Nkhondo ya pakati pa Amerika ndi Angerezi, imene inayamba mu 1775, inaimitsa zonse. Occom analangiza eni dziko kuti asalowe m'ndeu ya eni ake, koma ambiri analowa ndithu nafa, oyamba kusamuka aja anathawa, ndipo Johnson anamwalira nkhondo ili mkati. Itatha anabwerera, ndipo pa 7 Novembala 1785 anakhazikitsa mudzi wao, nasankha akuluakulu ouyendetsa. Anautcha Brothertown, ndiko kuti Mudzi wa Abale. M'chinenero chao Occom analemba dzinalo kuti Eeyawquittoowauconnuck. (Limeneli musavute nalo ana kuti aloweze.)

Occom anasamutsira banja lake kumeneko mu 1789, ali nkhalamba yodwala nyamakazi, akuyendabe m'nkhalango kulalikira eni dziko ndi Azungu omwe. Mtendere weniweni sanaupeze. Ena a m'mudzimo anayamba kubwereketsa malo kwa Azungu, iye anakana nakadandaula ku boma la New York, ndipo anthu anagawikana. Mu 1791 anasamukira ku mudzi woyandikana nao wa New Stockbridge, kumene anali ndi mpingo pakati pa Amahican. Anamwalira mwadzidzidzi kumeneko pa 14 Julayi 1792, ali ndi zaka pafupifupi 69. Eni dziko oposa 300 anafika pa maliro, ndipo analalikira ndi Samuel Kirkland, mmishoni wa kwa Aoneida.

Zimene zinatsatira

Malo a ku New York sanakhalitse. M'zaka za m'ma 1830 anthu a ku Brothertown anasamukanso ulendo wautali kupita ku Wisconsin, m'mbali mwa nyanja ya Winnebago. Poopa kupirikitsidwanso, anapempha kukhala nzika za United States, ndipo analoledwa mu 1839. Adzukulu ao amadzitcha Brothertown Indian Nation. Dzina la Columbus lija analisunga dala, chifukwa palibe dzina la mtundu umodzi limene likanakwanira onse. Koma mu 2012 boma linakana kuwalemba monga mtundu wodziimira, ponena kuti lamulo la 1839 lija linathetsa udindo umenewo. Chotero anthu amene makolo ao anavutika chifukwa chotchedwa Indian anauzidwa kuti pamaso pa lamulo sali mtundu wa ma-Indian. Amohegan amene anatsala ku Connecticut analembedwa ndi boma mu 1994.

Mau amenewa akali kuvuta. Ku United States ena amati Native American, ena amakonda American Indian, ndipo ofesi ya boma yoona za iwo, imene inayamba mu 1824, ikutchedwabe Bureau of Indian Affairs. Ku Canada amati First Nations, ngakhale lamulo lao la 1876 likutchedwabe Indian Act. Mmwenye wokhala ku America ndi Indian American, pamene mdzukulu wa Occom ndi American Indian: mau omwewo, ongotembenuzidwa. Ambiri mukawafunsa amayankha ndi dzina la mtundu wao.

Dartmouth College inayamba kulandira ana ambiri a eni dziko kuyambira 1970. Mapepala a Occom, ndiwo makalata, mabuku a maulendo ake, maulaliki ndi zolemba za mankhwala azitsamba, anakhala m'nyumba ya mabuku ya kolejiyo zaka zambiri. Mu Epulo 2022 akuluakulu a koleji anawanyamula kupita nao ku Connecticut, nawapereka m'manja mwa Amohegan.